Lilime la Wophika

Mutu 6

1. Mtsikana wa mafunso

Pa esiteti yathu ya tiyi ku Galaha panalibe munthu wosamudziwa Vasugi, ndipo ambiri ankamudziwa chifukwa chotopa naye. Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma mafunso ake ankaposa a kalasi yonse. Mphunzitsi wa sayansi akamuona akukweza dzanja ankayamba wayang'ana wotchi.

Bambo ake, a Sellamuthu, anali wophika pa maukwati. Munthu akafuna kuti anthu azikambabe za ukwati wa mwana wake chaka chikubwerachi, ankapita kwa iwo. Analibe munda, analibe sitolo. Chuma chawo chonse chinali lilime.

Koma m'kamwa momwemo, kutsaya lakumanzere, ndi momwe ankasungamo vetilai kuyambira unyamata wawo. Tsamba, kamtedza, njereza pang'ono ndi fodya, kutafuna kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tonse tinakulira m'zimenezi, ndipo ndikanati sindinatafunepo ndikananama.

Patsayapo panatuluka chilonda chokana kupola. Madokotala a ku Kandy anati ndi khansa. Anachidula, kenako anati malowo awotchedwe ndi cheza cha makina, masiku asanu pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi.

Sukulu inali yotseka, ndipo mayi ake a Vasugi, a Pakkiyam, sakanatha kusiya kuthyola tiyi. Choncho woperekeza wodwala pa basi tsiku ndi tsiku anakhala Vasugi. Ena chipatala amachiopa. Iye anachiona ngati msika umene mafunso amayankhidwa ulere.

2. Choluma

Asanayambe kuwotcha, anawatumiza kwa dokotala wa mano, mayi wa imvi dzina lake a Udugama, amene odwala onse ankangowatchula kuti Dokotala Amma, kutanthauza Dokotala Mayi. Iwo anazula mano awiri obooka. Mabala atapola, anawalumitsa a Sellamuthu phala lolimba msanga, kuti atenge maonekedwe a m'kamwa mwawo. Patatha masiku atatu anawapatsa kachinthu ka pulasitiki koyera, kokhala ndi malo a mano ndi kakhutu kotulukira mbali imodzi.

Vasugi anali atadziletsa kokwanira.

"Dokotala Amma, khansa inali patsaya. Nanga mano awiri aja analakwa chiyani?"

"Vasugi, tseka pakamwa," anatero bambo ake.

"Musiyeni, Aiya," anatero dokotala uja, powatchula bambowo ndi mawu aulemu. "Safunsa anadya phula. Bwera pafupi, mwana iwe, ndipo inu bambo mumvere limodzi, chifukwa pakamwa ndi panu.

"Cheza cha makina chilibe maso. Sichidziwa kuti apa ndi matenda, apa ndi nyama yabwino. Chimene chili panjira yake chimapsa. Fupa la nsagwada likalandira cheza limachedwa kupola moyo wonse. Dzino loola tikalisiya n'kudzalizula pambuyo, bala lake likhoza kukana kutseka. N'chifukwa chake tinazuliratu zimene zikanativuta mawa.

"Tsopano taona ichi. Bambo ako azichiluma nthawi iliyonse akagona pamakina. Chimatsegula kamwa pang'ono kuti nsagwada yam'mwamba italikire. Kakhutu aka kamakankhira lilime kumanja n'kulipanikiza pansi, kutali ndi tsaya lodwala. Mawa akawajambula mutu wonse ali chilumire, ndipo anzanga akawerengera njira ya cheza potengera chithunzi chimenecho. Kuyambira pamenepo, lilime liyenera kugona malo omwewo tsiku lililonse. Likasuntha pang'ono chabe, lalowa pamoto.

"Sindikubisirani. Ngakhale titchinjirize chotani, m'kamwa mudzatuluka zilonda, malovu adzachepa, ndipo chakudya chidzasiya kukoma kwa kanthawi. Walira mvula walira matope. Koma lilime lotetezedwa kawirikawiri limadzuka pakapita miyezi. Lilime lopsa kwambiri likhoza kugona mpaka kalekale. Ndiye muzichukucha m'kamwa ndi madzi a mchere ndi soda, muzitsuka mano ndi mswachi wofewa, tsabola mumusiye, vetilai mumuiwale. Chikakupwetekani chilichonse, nenani. Musakonze nokha."

"Likasuntha pang'ono bwanji?" anafunsa Vasugi.

Dokotala Amma anamuonetsa kunenepa kwa chala chake chaching'ono. Vasugi anayang'ana chala chakecho nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati malovu amapangidwira malo amodzi kapena ambiri. Anamuyankha kuti ambiri, ndipo anamugwiritsa pansi pa khutu ndi pansi pa chibwano kuti amve pomwe ali.

A Sellamuthu analuma kachinthu kaja, n'kukalavulira m'dzanja.

"Zaka makumi anayi ndikuika zinthu m'kamwa," anatero, "lero ndi pomwe mwandipatsa chopanda mchere."

Kunyumba anangokatcha choluma. Ankakasunga m'kabokosi ka pulasitiki, ndipo wotsuka ndi wonyamula anali Vasugi.

3. Lamulungu masana

Masabata awiri oyamba anayenda bwino. A Sellamuthu ankagona pabedi lolimba, choluma m'kamwa, nkhope itavekedwa chigoba chomangirira kubedi kuti mutu usagwedere. Vasugi ankatsala panja n'kumafunsa aliyense wovala zoyera chifukwa chimene khoma la chipindacho linali lochindikala chotero.

Pofika sabata yachitatu nthabwala zinatha. M'kamwa munafiira, zilonda zinayamba, malovu anasanduka ngati ulimbo. Munthu amene anadyetsa chigawo chonse ankameza phala la mpunga movutika, misozi ili m'maso. Choluma chinayamba kukhula pachilonda china pafupi ndi lilime.

Mungafunse kuti bwanji sananene kuchipatala. Mukatero ndiye kuti amuna a kumalaini kwathu, kunyumba za antchito a pa esiteti, simuwadziwa. Agogo awo sanadandaulepo kwa bwana, abambo awo sanadandaulepo, ndipo iwonso amaona kudandaula ngati kuvula malaya pamsika. Zimandikwiyitsa, koma ndi anthu anga.

Chinanso n'chakuti wophika sagwiritsa ntchito chida chimene sanachiseme yekha. Chipande cha chigoba cha kokonati chikabwera kuchokera kumsika, amayamba wachipala m'mphepete. Mpini ukamupweteka dzanja, amausema mpaka ugwirizane naye. A Sellamuthu anali ndi kampeni kawo ka ntchito imeneyi, kakuthwa koopsa.

Lamulungu masana Vasugi anazungulira kuseri kwa nyumba kukaanula zovala. Anapeza bambo ake atakhala pamwala woperera, atapatsa njira msana. Pansi panali tizipalo toyera.

"Appa, mukusema chiyani?"

"Chipande."

"Chipande chimatulutsa zoyera?"

A Sellamuthu anapuma mwamphamvu n'kutambasula dzanja. Choluma chinali pachikhatho, ndipo kakhutu kaja kanali katatsala theka. Anasema bwino, ndisaname. Panali posalala ngati pochokera kufakitale.

"Kamandicheka," anatero. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono chifukwa cha zilonda. "Ndangochotsa pochekapo. Tsopano chikukhala bwinobwino."

"Koma kameneko ndi komwe kamakankha lilime."

"Udokotala wauyamba liti iwe?"

"Dokotala Amma anati musakonze nokha."

"Dokotala Amma sachiluma. Ndimachiluma ndine. Chipande chikakupweteka dzanja suitana mmisiri wa ku Kandy."

"Ndiye mawa lilime likhala pati?"

"M'kamwa. Likhalanso pati?"

Vasugi anatola kachipalo kamodzi n'kukayerekeza ndi chala chake chaching'ono. Bambo ake anamuona, ndipo nkhope yawo inalimba.

"Tamvera, mwana wanga. Mawa ukapereke kabokosi, ukakhale pabenchi. Zimenezi zithere pano. Wamva?"

Vasugi anaanula zovala n'kulowa m'nyumba.

4. Mawu a Amma

Madzulo a Pakkiyam ankakazinga roti, timikate tathu topyapyala, ndipo Vasugi anawafotokozera zonse monong'ona. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pachiwaya.

"Ndakumva," anatero. "Tsopano undimvere ine. Bambo ako aja anakulera ndi utsi wa miphika ya anthu ena. Sanakumenyepo, sanakuletsepo sukulu, ngakhale abale ankati mwana wamkazi wamafunso sadzakwatiwa. Matendawa awalanda mano, awalanda tulo, awalanda ndi chakudya chomwe. Chatsala ndi ulemu wokha. Iwe ukufuna ukawavule umenewo pamaso pa anthu achilendo?

"Ukuwadziwa anthu a m'tauni mmene amationera. Tikalowa mu ofesi amayamba ayang'ana mapazi athu. Ukakanena zimenezi adzaseka n'kumati, aonani anthu a kumalaini, mumawapatsa chida cha chipatala iwo n'kuchitengera mpeni. Nkhaniyo idzafika kuno basi isanafike. Mwana wamkazi saneneza bambo ake, Vasugi. Za m'nyumba zimathera m'nyumba. Ine amayi anga anandiphunzitsa choncho, ndipo sindinafe nazo."

Vasugi anali ndi funso limodzi lokha.

"Amma, lilime likapsa osadzukanso, Appa azidzaphika ndi chiyani?"

A Pakkiyam anatembenuza roti imene anali atangoitembenuza kumene. Kenako anamutuma kukatunga madzi ngakhale ndowa inali yodzaza.

5. Pakhomo la chipinda cha makina

Lolemba m'mawa anakwera basi monga mwa masiku onse. Kabokosi kanali pamiyendo pa Vasugi. Ankawakonda bambo ake, ndipo anali asanawachititsepo manyazi.

Pabenchi la odikira panali anthu asanu ndi awiri, ena atamanga nsalu pakhosi. Itakwana nthawi, mayi woyendetsa makina anatuluka n'kuitana dzina. A Sellamuthu anaimirira. Mayi uja anatambasula dzanja kuti alandire kabokosi.

Vasugi sanapereke.

"Pepani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Choluma chasintha. Sichili ngati mmene chinalili pojambula paja."

"Chasweka?"

"Ayi. Chasemedwa."

Anayesetsa kulankhula motsitsa, koma pabenchi la chipatala palibe chinsinsi. Mitu yonse inatembenuka. Bambo wina wachikulire anaseka pang'ono, kenako anagwira tsaya chifukwa kuseka kunamupweteka.

A Sellamuthu anayang'ana pansi. Sanakalipe. Vasugi akanakonda akanakalipa.

Mayi uja anatsegula kabokosi, nayang'ana, n'kukatsekanso.

"Lero simugona pamakina ndi ichi, Aiya. Tiyeni kwa Dokotala Amma."

Dokotala Amma anatulutsa pashelefu chikombole cha mano a Sellamuthu, chimene anaumba tsiku lowalumitsa phala lija. Anaikapo choluma, ndipo pamene panali kakhutu panaoneka mpata. Anaitana Vasugi kuti alowetsepo chala. Chala chinalowa chonse.

"Mwagwiritsa ntchito kangati chili chonchi?"

"Sanagwiritsepo," anayankha Vasugi. "Asema dzulo."

Dokotala uja anakhala pansi moyang'anizana ndi wodwala wake.

"Aiya, dzanja lanu ndi labwino. Mwasalaza kuposa ophunzira anga. Koma mwasema mpanda umene umatchinga chuma chanu. Kwatsala masiku khumi ndi asanu. Mukanagona masiku onsewo lilime litabwerera kumanzere, cheza chikanalidya m'mbali tsiku ndi tsiku, inu osamva kanthu pa nthawiyo, chifukwa cheza sichipweteka polowa. Mukanadzazindikira mochedwa, ndipo ine ndilibe mankhwala obwezera lilime lopsa.

"Zaka zimene ndagwira ntchito ino ndaona amuna ambiri onga inu. Amapirira mpaka kudzivulaza, n'kumati ndiko kulimba mtima. Kupweteka kuja mukanandiuza Lachisanu, ndikanapala pamalo oyenera, osati pamene mwapalapa, n'kukupatsani mafuta oziziritsa chilonda. Ntchito ya mphindi khumi. Kudandaula kwa dokotala si kupempha. Ndi kundipatsa maso, chifukwa ine m'kamwa mwanu sindigonamo.

"Ndipo mwanayu musamukwiyire nthawi yaitali. Kumukwiyira pang'ono ndikulolani."

A Sellamuthu sanaseke.

Dokotala Amma anasakaniza ufa wa pulasitiki ndi madzi ake onunkha, n'kuumbanso kakhutu potsatira chikombole chija. Vasugi anaima pambali. Mafunso atatu anamufika pakhosi, la fungo, la kutentha kwa phalalo pouma, ndi la mtundu wake, koma anangofunsa limodzi lokha. Choluma chitauma anachiyesa m'kamwa, napala pamene pankakhula, napaka mafuta pachilonda. Oyendetsa makina anajambula kaye kuti atsimikize kuti lilime labwerera pamalo pake. A Sellamuthu analandira cheza chawo cha tsikulo cha m'ma 3 koloko, anzawo onse atapita.

Pobwerera, m'basi munali malo awiri oyandikana. A Sellamuthu anadutsa n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi matumba a anyezi. Vasugi anakhala yekha ndi kabokosi kake, ndipo analira mwakachetechete mpaka pa mlatho wa Peradeniya.

6. Mchere

Atafika kunyumba, a Sellamuthu sanagone monga ankachitira masiku ena. Analowa kukhitchini, natenga mphika m'manja mwa akazi awo popanda mawu, n'kuyamba kuphika mphodza za banja lonse. Munthu akakwiya amathawira ku chimene amachidziwa.

A Pakkiyam anayang'ana mwana wawo, ndipo anamva nkhani yonse osauzidwa. Awiriwo anaima pakhomo n'kumaonerera.

Mphodza zitapsa, a Sellamuthu anadonthetsa msuzi pachikhatho, nauuzira kuti uzizire, n'kunyambita. Anaima pang'ono. Anatapa mchere n'kuthira.

Anatakasa, nalawanso. Anathiranso mchere.

Kachitatu anasunga msuziwo m'kamwa nthawi yaitali, maso ali kudenga. Dzanja linapita kuchitini cha mchere, koma linaima panjira.

"Iwe wapakamwa," anatero osatembenuka. Anali mawu awo oyamba kwa Vasugi chichokere m'mawa. "Bwera ulawe."

Vasugi anatambasula chikhatho. Msuziwo utafika palilime, nkhope yake inakwinyika yokha.

"Nena," anatero bambo ake. "Lero lonse wakhala ukunena."

"Wachuluka, Appa."

"Kwambiri?"

"Kwambiri. Sizingadyeke."

A Sellamuthu anayang'ana mumphika ngati munthu amene wapeza mlendo m'nyumba mwake.

"Ine ndikumva madzi," anatero. "Madzi ofunda basi."

A Pakkiyam anagwira chitseko. Pa zaka makumi awiri za banja lawo anali asanaonepo amuna awo akulakwitsa mchere, ndipo anachita mantha kuposa tsiku limene anamva dzina la matendawa.

"Dokotala Amma ananena kuti zidzatero," anatero Vasugi mofulumira. "Anati lilime lotetezedwa limadzuka pakapita miyezi."

"Anati kawirikawiri. Ndinalipo, ndinamva."

Anaphula mphika, nakhala pampando waufupi. Moto unayamba kuzilala. Kenako analankhula, ndipo sanali kuyang'ana akazi awo.

"Loweruka lino kapitao wa kuchigawo chakumtunda akukwatitsa mwana wake. Anabwera ndi mbale ya masamba a vetilai ndi mtedza, monga mwa mwambo, kudzandipempha ndisanadwale kuti ndikaphike, ndipo ndinailandira ndi manja awiri. Wolandira mbale sabweza mawu. Aitana esiteti yonse."

"Simunandiuze," anatero a Pakkiyam. "Munthu wosatha kumeza phala akaime pautsi tsiku lonse? Mukufuna kufera pamphika?"

"Manja ndili nawo, maso ndili nawo. Chimene ndilibe n'chimodzi."

Anatenga chipande chawo, chija sankalola munthu wina kuchikhudza, n'kuchiloza kwa Vasugi, mpini uli kutsogolo.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu asanu ndi awiri kuti lilime langa lidzadzuke. Chabwino. Kufikira litadzuka, undibwereke lako. Pakamwa pako ndaona kuti sipatha kunama."

Vasugi anali asanaphikirepo anthu oposa anayi. Analandira chipandecho, ndipo chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera.